Thonje Lomera pa Kalongonda

Ku Golomoti kukafika mwezi wa Okutobala, ngakhale mbuzi zimasiya kulira. Mapiri a Dedza amaoneka ngati akuyandama mu utsi, ndipo nthaka imatentha mpaka kuphazi kwa munthu wovala nsapato. Tsiku lotere ndi limene thalakitala ya Lovemore inalowa m'munda wa a Kaliati, ikubangula, fumbi lili koboo kumbuyo kwake.

Chifuniro, mwana wamkazi wa a Kaliati, anali atakhala kumalire a mundawo, pa kachigawo kamene amayi ake anamupatsa. Kanali kachigawo kotopa, koti thonje likamera limafika m'mawondo basi n'kuyamba kufiira. Koma chaka chathacho sanadzalemo thonje. Anadzala kalongonda, nyemba zoyanga zija, ndipo atakolola mbewu zake anasiya masamba ndi mitsitsi yonse pomwepo. Tsopano nthaka inali itafunda masamba ouma ngati munthu wogona m'bulangete.

Mbewu ya kalongondayo anam'patsa ndi Felix, mnyamata wa ku Mua, wamtali, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa munthu. Anakumana pa msika wa Mtakataka, Chifuniro akudandaula kwa mnzake kuti wapatsidwa munda wakufa. Felix, amene amagula chubu cha njinga pafupi, anatembenuka n'kunena kuti, "Munda sufa, achemwali. Umangogona ndi njala." Sabata yotsatira anabwera ndi mbewu m'kathumba ka shuga. Kuyambira pamenepo njinga yake inaidziwa njira ya ku Golomoti.

Thalakitala inaima pamalire. Lovemore anatsika, navula magalasi akuda, n'kupukuta thukuta ndi kathaulo koyera. Anali mnyamata wa maonekedwe, wochokera kubanja la mpunga wambiri ku Bwanje, ndipo a Kaliati ankamutchula dzina ngati akulawa uchi.

"Chifu, chotsa minga yako yatchingayi ndilowe," anatero Lovemore. "Ndigalauza zinyalala zonsezi usanamalize n'kuphethira komwe."

"Zikomo, achimwene, koma muno simulowa khasu."

"Ndiye udzala bwanji? Pamwamba pa bulangete?"

"Ndikumba timaenje."

A Kaliati, amene amabwera pambuyo atanyamula chipewa m'manja, anapukusa mutu. "Ukumuona mwana wangayu, Lovemore? Wamva za mnyamata woopa khasu. Ine thonje ndalima tsitsi lili lakuda mpaka layera ngati thonje lomwelo. Nthaka imafuna kuitipula, kuunga mizere, kuitentha zinyalala. Mwamuna wothawa khasu adzathawanso banja."

Chifuniro anatola tsamba limodzi louma n'kulifikisa m'manja. Linanunkhira ngati mvula yoti sinagwe.

*

Mvula yoyamba itagwa, Felix anafika mmawa dzuwa lisanatenthe, matope ali m'matayala. Anapereka moni kwa amayi ake a Chifuniro, a Namaliya, atagwada bwinobwino, kenaka awiriwo anapita kumunda, Chifuniro patsogolo ndi mbale ya mbewu.

Felix ankakankha masamba ndi dzanja, n'kukumba kadzenje ndi kakhasu kakang'ono. Chifuniro ankaponyamo mbewu n'kukwirira ndi phazi. Pansi pa masambawo nthaka inali yakuda, yofewa, ndipo nyongolotsi zinkathawa kuwala.

"Taona," anatero Felix. "Alimi ako ndi amenewa. Amalima usana ndi usiku osadandaula msana."

"Abambo akuti ndiwe waulesi."

"Akunena zoona pang'ono. Ndimafuna mphamvu zanga zitsaleko."

"Zitsale za chiyani?"

"Zokuyang'anira iwe. Imeneyo ndi ntchito yolemetsa."

Chifuniro anaseka mpaka mbewu zina zinatayika. Anawerama kuti atole, Felix nayenso anawerama, ndipo zala zawo zinakumana m'masamba onyowa. Palibe amene anafulumira kuchotsa dzanja. Kutali sitima yakatundu inalira ikudutsa, njiwa zinauluka m'mtengo wa bwemba, ndipo Chifuniro anaona ngati munda wonse ukupuma limodzi naye.

"Ukatseka maso ukuona chiyani?" Felix anafunsa.

Chifuniro anatseka maso. "Ndikuona kuyera. Thonje lafika m'chifuwa, laphulika lonse. Ndikuyenda pakati pake ngati ndikuyenda m'mitambo."

"Uli wekha?"

"Pali wina kumbuyo kwanga, koma sindikumuona nkhope. Mwina ndi Lovemore."

"Ayi, Lovemore sangayende wapansi. Ukanamva injini."

Anasekanso. Koma pobwerera Felix anayankhula mosaseka. "Usayembekezere zodabwitsa msanga, Chifu. Masambawa amawola pang'onopang'ono, ndipo chakudya chimene kalongonda wasiya m'nthaka thonje limachipeza mochedwa. Poyamba lidzaoneka lotsalira. Udzu nawonso udzakuvuta, chifukwa uyenera kuzula ndi manja. Anthu adzakuseka."

"Nanga iwe udzakhala kuti akamandiseka?"

"Pambali pako, tizisekedwa limodzi."

*

Zinachitikadi momwemo. Pofika Januwale, thonje la a Kaliati linali litaima mwaulemu m'mizere yake, lobiriwira, masamba otambalala. La Chifuniro linali lalifupi, lotuwa pang'ono, ngati mwana wochira kumene malungo. Amayi opita kumjigo ankachepetsa liwiro pamalire n'kugwirana m'mikono.

Masana ena, Chifuniro akupuma pakhonde, foni yake inalira. Uthenga unachokera kwa Vanessa, mchemwali wake wa Lovemore, amene anali ndi saluni pa Mtakataka. Ankadziwana kuyambira kusukulu, ngakhale ubwenzi wawo unali wa mano okha.

"Mnzanga, sindimafuna kukuuza koma mtima wandikana. Taona wekha."

Pansi pake panali chithunzi. Felix anali atagwada m'munda wina, pakati pa masamba a kalongonda. Pambali pake panali mkazi wa chitenje chofiira, atatembenukira kumbali, dzanja lake lili paphewa la Felix. Onse awiri ankaseka.

Uthenga wina unalowa. "Akuti dzina lake ndi Catherine. Kalongonda ameneyu sanapatse iwe wekha, mnzanga. Akugawa dera lonse, ndipo akumasankha minda ya akazi okongola. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere."

Chifuniro anayang'ana chithunzicho mpaka maso anachita chidima. Chimene chinamupweteka si dzanja lija. Chinali kagwadidwe ka Felix, mutu utapendekera kumanzere, momwe ankachitira pomufotokozera iye za nthaka. Iye ankaganiza kuti kapendekedwe kameneko n'kake yekha.

Felix analemba madzulo ake: "Mwana wathu akukula bwanji?" Ankatanthauza thonje. Chifuniro anawerenga osayankha. Mawa lake analembanso: "Chifu, netiweki kapena ndalakwa?" Kenaka anaimba, foni inalira mpaka kutopa. Pomaliza Chifuniro analemba mawu ochepa: "Usabwerenso. Pita ukapalire kwa Catherine." Atatero anazimitsa foni n'kuibisa pansi pa pilo.

Masabata otsatira anazula udzu yekha. Zala zinatupa, msana unawawa. Lovemore ankadutsa pa njinga yamoto, n'kuima.

"Ukuzunzikiranji, Chifu? Manja ngati amenewo ndi ogwira kapu ya tiyi. Kwathu ukhoza kumangoloza ndi chala, antchito n'kumachita."

"Ndamva, achimwene."

"Chaka chamawa ndidzakugalauzira. Tidzaiwala zonsezi."

Chifuniro sanamuthamangitse monga ankachitira kale. Anamusiya ayankhule, ndipo tsiku lina analandira botolo la fanta limene anamubweretsera. A Kaliati ataona zimenezo anayamba kuimba nyimbo za kwaya posamba.

*

Mu Febuluwale mvula inadula. Kumwamba kunayera mbee, mitambo inkasonkhana pamwamba pa mapiri masana n'kubalalika osagwetsa kanthu. Thonje linali litayamba maluwa, nthawi imene limafuna madzi koposa. M'munda wa a Kaliati mizere inauma n'kung'ambika. Masamba ankalendewera dzuwa likafika pamutu, ndipo maluwa anayamba kuyoyoka, kugwera m'ngalande ngati timapepala.

A Kaliati ankayenda m'mizere manja ali kumbuyo.

Mmawa wina Chifuniro anapita ku kachigawo kake ali ndi mantha. Anapeza thonje lake litaima, masamba atatambasuka, maluwa achikasu ndi ofiirira ali pomwepo, njuchi zikulowa ndi kutuluka. Sanadziwe kuti linakula liti chonchi. Anagwada n'kulowetsa dzanja pansi pa masamba owola aja. Nthaka inali yozizira, yachinyontho, ngati tsaya la mwana amene wangosamba.

Misozi inabwera yokha. Munthu amene akanamuuza zimenezi anali mmodzi yekha, ndipo anali atamuthamangitsa.

"Ndiye ukulirira chiyani, poti lili moyo?"

Anatembenuka. Felix anali pamalire, atagwira njinga, ataonda pang'ono. Pakaliyala panakhala mkazi wa chitenje chofiira, mwana ali kumbuyo.

Chifuniro anaimirira. "Wabwera naye kuti andione?"

"Eya," anatero Felix. "Ndinayesa foni, inakana. Ndinayesa kutuma mawu, sanabwerere. Ndiye ndati ndingomunyamula mwini wakeyo."

Mkaziyo anatsika, nakonza mwana kumsana, n'kuyandikira akumwetulira. Pafupi, Chifuniro anaona mphuno ya Felix, mpata wa m'mano wa Felix, ngakhale kapendekedwe ka mutu komwe.

"Ine ndine Catherine," anatero. "Uyu ndinabadwa naye bere limodzi, ndine wom'pondera pamutu. Ndinakwatiwa ku Mtakataka. Ndiye inu ndinu alamu amene mwandidwalitsira mchimwene wanga? Sakudya, akungoyang'ana foni ngati muli mankhwala."

Chifuniro anafuna nthaka itseguke. Anaphimba nkhope ndi manja amatope.

"Vanessa ndi amene ananditumizira chithunzi," anatero ndi mawu otsika.

Catherine anawomba m'manja kamodzi. "Vanessa wa saluni? Amene amandiluka tsitsi? Iyeyo akundidziwa bwinobwino! Chaka chonse wakhala akundifunsa kuti achimwene anu amakonda ndiwo zanji."

Atatero anapita kukakhala pansi pa bwemba kuti ayamwitse mwana, n'kuwapatsa msana mwadala.

Felix anayandikira. "Ukanandifunsa, Chifu."

"Ndinaopa yankho."

"Ine ndinakwiya, usaganize kuti sindinakwiye. Ndinafika pa mlatho kawiri n'kubwerera. Ndinamvanso za fanta."

"Inali yotentha," anatero Chifuniro. "Sindinaimalize."

Felix anayesa kuumitsa nkhope koma analephera. Anachotsa dothi patsaya la Chifuniro ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, ngati akupukuta chinthu choti chingasweke. Mphepo inadutsa m'thonje, maluwa onse anagwedezeka, ndipo kwa kanthawi Chifuniro anaiwala kuti kunja kuli ng'amba.

*

Mvula inabwereranso, koma maluwa amene anagwa sanabwerere pamtengo. Pofika nyengo yokolola, munda wa a Kaliati unayera mwa apo ndi apo, ngati mutu wa munthu wongoyamba imvi. Kachigawo ka Chifuniro kanayera konse. Nthambi zinalemera mpaka zina kugona pansi, ndipo Chifuniro ankati akalowamo mmawa ndi thumba m'chiuno, mame ali m'miyendo, ankayenda mwakachetechete ngati ali m'maloto, kuopa kudzuka.

Tsiku lina a Kaliati anabwera ndi Lovemore. Analowa m'kachigawomo osapempha, n'kumagwira nthambi imodzi ndi imodzi. A Kaliati anafukula pansi ndi chala, nanunkhiza dothi.

"Ndi mwayi chabe, bambo," anatero Lovemore. "Chikhala kuti mvula sinadule, lanu likanapambana. Komanso musaiwale, chaka chatha munda uno sunabereke thonje ngakhale la m'khutu. Unangobereka nyemba zoti kuphika kwake n'kotha nkhuni."

"Pamenepo wanena zoona," anayankha a Kaliati. "Chaka chimodzi chinapita." Anapotokola thonje pakati pa zala. "Koma kachigawo kano ndimakadziwa ine. Ndakalima mvula ili bwino, ndakalima mvula ili yoipa. Sikanandipatsepo chotere. Ndipo kudula kwa mvula masiku ano si mlendo, ndi wapakhomo."

Lovemore anavala magalasi ake n'kupita kukaliza njinga yamoto.

A Kaliati anatsala ndi mwana wawo. Sanamuyang'ane kumaso. "Mitengo ya thonjeyi tikamaliza tizula n'kutentha, chifukwa cha mbozi. Pamenepo mnyamata uja asandiuze zosiya pansi."

"Nayenso amatero, bambo. Akuti ya thonje yokha ndiyo yotentha."

"Hmm. Ndiye ali ndi nzeru pang'ono." Anakhosomola. "Mbewu ya nyemba zakezo ikadalipo?"

"Ilipo yambiri."

"Umuuze mnyamata wakoyo kuti njira ya kumunda waidziwa mokwanira. Tsopano aphunzire ya pakhomo. Atume akwawo."

Chifuniro anagwada pomwepo pakati pa thonje. Bambo ake atapita anatulutsa foni. "Abambo akuti utume ankhoswe," analemba. Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Ndagwa panjinga. Ndili bwino. Bwerezanso."

*

Anabwera Loweruka masana: Felix atavala shati yoyera yomangidwa mpaka pakhosi, ndi amalume ake, bambo wamkulu thupi wa ndodo yosema. Anawayalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Mbali ya Chifuniro kunakhala amalume ake, a Owen, ndipo a Kaliati anakhala chapambali pa mpando wawo.

Chifuniro anali m'chipinda chosungiramo thonje pamodzi ndi amayi ake, akusankha loyera ndi lothimbirira. Mulu unafika pafupi ndi denga. Anakhala atatsamira muluwo, wofewa ngati mtambo umene ankaulota, khutu lili pazenera.

Zonse zinkayenda bwino. Anapatsana moni wautali, anadandaula za mvula, anaseka za mbuzi. Amalume a Felix ananena kuti mphwawo waona duwa pakhomo pano, a Owen anayankha kuti duwalo lilipodi ndipo lilibe mwini. Chifuniro analuma chitenje kuti asaseke mokweza.

Kenaka a Kaliati analephera kudzigwira. "Ine mawu anga ndi ochepa. Malo omanga nyumba ndawaonera kale, kuseri kwa bwemba. Mkamwini akangolowa, tiyamba ndi munda wakumtunda. Theka kalongonda, theka thonje, chaka chinacho n'kusinthanitsa. Minda yonse ya pano aidzutse monga wadzutsira kachigawo kaja."

Chifuniro anasuzumira. Felix anali atazolika, akuyang'ana mkeka.

Amalume ake anaika ndodo pamiyendo. "Pepani, mwina sitinamvane. Mwati mkamwini?"

"Eya," anatero a Owen. "Monga mwa mwambo wathu. Mwamuna amabwera kwa mkazi. Alamu angawa nawonso anabwera chomwecho."

"Ife kwathu ndi Angoni," anatero mkuluyo mofatsa. "Timatenga mkazi kupita naye kwathu. Ndipo ngakhale tikanafuna kupotoza mwambo, pa mwana uyu sizingatheke. Bambo ake anamwalira, mwamuna pakhomo paja ndi yekhayu. Amayi ake maso akuvuta. Minda ya bambo ake akaisiya, abale ena akuiyang'ana kale. Felix sachoka ku Mua."

"Chifuniro nayenso sachoka pano," anayankha a Owen, mawu atauma. "Mwana wamkazi m'nyumba muno ndi yekhayu. Mbumba yathu ili mwa iye. Akapita, minda ya mlongo wangayu idzagwira ndani?"

A Kaliati anayang'ana Felix. "Iwe, zimenezi sunkazidziwa?"

Felix anadzutsa mutu. Maso ake anapita pazenera, n'kukumana ndi a Chifuniro. "Ndinkadziwa, bambo," anatero. "Ndimati mwina chikondi chikakula, njira ipezeka."

Chifuniro anabwerera pa mulu wa thonje. Miyezi yonseyi anakambirana za nthaka, za mvula, za maina a ana, koma sanafunsanepo kuti nyumbayo idzaima mbali iti ya msewu.

A Namaliya anapitiriza kusankha thonje osadzutsa mutu. "Mwana wanga," anatero motsitsa, "mwamuna ukhoza kum'tsatira. Koma munda sungausenze pamutu."

Panja mawu anayamba kukwera. Amalume a Felix anaimirira n'kugwira ndodo, a Owen nawonso anaimirira. Nthawi yomweyo kunamveka "Odi!" wa mawu a chizimayi kuchipata.

A Namaliya anasuzumira, n'kuika dzanja pakamwa.

Pachipata panaima amayi ake a Lovemore, atavala chitenje chatsopano, tambala woyera ali m'khwapa. Kumbuyo kwawo kunali bambo wachikulire wa jekete, ndi Vanessa atasenza dengu la mpunga, akumwetulira ngati wafika pa ukwati.

"Pepani, sitinadziwe kuti pali alendo," anatero mayiwo mokweza, kuti aliyense pansi pa mango amve. "Ife tabwera ndi mawu amodzi okha. Mwana wathu Lovemore akuti iye za mwambo savuta. Mukamulola, amanga pompano, chikamwini, ndipo thalakitala ibwera naye."

A Owen anayang'ana a Kaliati. A Kaliati anayang'ana pansi. Kenaka a Owen anatembenukira kunyumba n'kuitana.

"Chifuniro! Tenga mkeka wina, uwayalire alendowa."